Poika magazi: manesi awiri kapena chibangili cha barcode?

Anzanga a muwodi, ine ntchito yoika munthu magazi imandiopsabe mpaka lero. Kulabu amayeza bwinobwino, pomwe timaphonya kwambiri ndi pabedi pompo, thumba la uyu kumuika uja. Wa gulu O mukamuika a gulu A sipatenga nthawi, wayamba kunjenjemera, msana kuwawa, mkodzo kuda, mwinanso impso kusiya kugwira ntchito.

Njira tinaizolowera ija ndi ya manesi awiri, wina akuwerenga pathumba wina pachibangili cha pamkono pa wodwala chomwe dzina lake timalemba ndi cholembera. Siyifuna magetsi kapena ndalama, ndiye ubwino wake. Koma tinene zoona, usiku wodi itadzaza aliyense amadalira mnzake kuti waona, ndiye palibe waona. Inki imafufutika ndi thukuta, a Banda awiri agonekedwa mabedi oyandikana, wodwala wakomoka gadiyani watuluka. Ine tsiku lina ndinafika nalo thumba pabedi lolakwika, chinandipulumutsa ndi tsiku lobadwa basi, manja anandizizira.

Barcode, timizere takuda tija timene makina amawerenga, ndiye imagwira apa. Umasikana chibangili pamkono, kenako thumba, zikasiyana makina amakana pompo. Potenga sampulo nayenso lebulo imatuluka pabedi pomwepo, osati kukalembera ku desiki machubu asanu ali m'manja. Zipatala za ku Oxford zinatsogola pa njira imeneyi, ndipo mu 2015 NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo, inalangiza zipatala za ku England kuti ziganizire zozindikira wodwala ndi makina. Kwathu sizachilendo kwenikweni, bungwe la Baobab Health linayamba kalekale kumata zomata za barcode pa health passport ku Kamuzu Central.

Mavuto alipo. Printa, mabatire, netiweki, magetsi akathima mwabwerera ku cholembera. Choopsa kwambiri ndi anthufe, wina kusindikiza chibangili chachiwiri nkuchimata pafayilo kuti azisikana osadzutsa wodwala. Apo makina avomera koma munthu simunamuone. Ndipo ngati polembetsa anamuveka cha mnzake, makina osikanira azingoti zili bwino mpaka mapeto.

Palinso njira ya RFID, yowerenga chibangili ndi mafunde a wailesi, imawerenga ngakhale mkono uli mu bulangeti, koma mtengo wake ndi wina, zipatala zathu ine sindingazilimbikitse pano.

Ine ndasankha barcode, koma chibangili chikhale pamkono, ndipo wodwala ngati akuyankhula ndimamufunsabe kuti atchule yekha dzina lonse ndi tsiku lobadwa, osati "ndinu a Phiri eti?" poti munthu wodwala amangovomera. Ndikatsegula magazi mphindi 15 zoyamba sindipita patali.