Mbewu ya makumba: mmene yachitira m'damu langa kuno ku Zomba

Tiana ta makumba timene ndinagula mvula itangotha tsopano ndi nsomba zazikulu, ndiye ndikhoza kunenapo zoona zake. Kakulidwe sindikudandaula nako. Mu Juni ndi Julayi, madzi atazizira, zinkadya mwaulesi, koma kutangoyamba kutentha zinayamba kulimbirana madeya.

Chimene chautsa mapiri pachigwa ndi maonekedwe ake. Mu Okutobala zina zinada bii, m'mphepete mwa chipsepse chapamsana ndi mchira muli psuu. Mnansi wanga ataziona anati, "Achimwene, apa anakugulitsani zosakaniza, apo ayi zadwala." Ayi ndithu. Zakudazo ndi zazimuna zimene zafika poswana, ndipo mukasuzumira m'malo osaya mupeza timaenje tozungulira tomwe zakumba pansi. Zazikazi zimangokhala zotuwa. Mukagwira ina n'kuikanula kukamwa mupezamo mazira achikasu, chifukwa makumba amafungatira m'kamwa. Maonekedwe okha amanamiza: yakudayo muiike m'ndowa yoyera, posakhalitsa iyamba kutuwa. Kuti ndidziwe ngati ndi makumba enieni, ine ndimawerenga minga ya chipsepse chakumunsi, pafupi ndi mchira. Makumba, kuphatikizapo a m'nyanja ya Chilwa, nthawi zambiri amakhala nayo inayi, pamene chambo chili nayo itatu.

Mlendo analimo mmodzi yekha, nsomba ya mtundu wina yotchedwa chilunguni, chija chofiira pachifuwa, cha mizere yakuda yotsika m'nthiti. Icho chimaikira mazira pansi, chachimuna ndi chachikazi n'kumalondera limodzi. Ndinachisiya poti chimandidyera udzu wa m'damu.

Kufiira koyenera kuopa ndi kwina: kadontho kamagazi pakhungu, mamba atathothoka, kenako chilonda chakuya. Ndi mmene amayambira matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS, amene anatsimikizika m'Malawi muno mu 2020, kuyambira ku Mchinji. Mukaona zotere musagulitse nsombazo, musabwereketse ukonde wa m'damu limenelo, itanani alangizi a zansomba tsiku lomwelo. Kwanga kuno sizinaoneke, komabe ukonde ndimauyanika padzuwa mpaka uume gwa ndisanauponyenso.

Chondivuta pa mbewuyi n'kuswana msanga. Damu ladzaza tiana, chakudya sichikukwanira, ndipo zazikulu zaleka kunenepa. Makumba ndidzagulanso, koma ulendo wina ndidzalera zazimuna zokhazokha, ndipo ndiyamba ndapita ku Domasi, ku National Aquaculture Centre, akandionetse kapatulidwe kake zikadali zazing'ono.