Bohinj kapena Logarska dolina?

Mukafuna kukapuma kumapiri a ku Slovenia, zigwa ziwirizi ndi zosiyana kwambiri. Ku Bohinj kufika n'kosavuta: sitima imakutulani ku Bohinjska Bistrica, nyanja ili pafupi, mutha kusambira kapena kukwera masitepe kukaona mathithi a Savica. Koma mu Julayi ndi Ogasiti anthu amangoti piringupiringu.

Logarska dolina, kufupi ndi mudzi wa Solčava, ndi kwa phee. Chigwachi n'chotalika makilomita pafupifupi 7, ndipo msewu umathera chakumunsi kwa mathithi a Rinka, omwe madzi ake amagwa mamita 90. Galimoto imalipira polowa, mabasi ndi apatalipatali, nyanja kulibe. Mumagona pafamu, n'kumadya tchizi ndi nyama youmitsa zopangidwa konko. Ine ndingasankhe kumeneku, bola mukhale ndi galimoto yanu.