Zipangizo zokonzera galimoto zakale pakhomo: zomwe zatigwirira ntchito ku Kasungu

Kuno ku Kasungu galimoto zakale sizinathe. Nissan 1400 ikunyamulabe mabelo a fodya m'misewu ya ku Chamama ndi ku Santhe, Peugeot 504 imaonekabe apa ndi apo, ndipo Land Rover ya Series III, yomwe idasiya kupangidwa mu 1985, eni ake amaisamala ngati mwana wachisamba. Ndemanga ino ndi ya zipangizo zomwe takhala tikugwiritsa ntchito pa mitundu itatu imeneyi, pabwalo la nyumba, popanda dzenje la kugalaja kapena makina okwezera galimoto.

Bokosi lonyezimira la zidutswa 150 lija musakopeke nalo. Theka lake ndi timitu ta sikuludilaiva tomwe simudzatikhudza, ndipo masoketi ake amakhala a makona 12. Soketi yotere imagwira bawuti pansonga penipeni pa makona, ndiye bawuti yomwe yadya dzimbiri zaka 40 ikakana, makonawo amafufutika, mutu n'kusanduka wozungulira ngati batani. Ya makona 6 imagwira m'mbali mwa mutu, ndipo mphamvu yonse imapita kukamasula. Seti ya hafu inchi ya makona 6, kuyambira 10 mpaka 32, ndiyo yoyamba kugula. Za Gedore ndi King Tony zatipirira osang'aluka, ngakhale za Gedore zogwiritsidwapo kale ntchito zomwe zimapezeka pa zinthu zakaunjika. Onjezerani chitsulo chachitali chomasulira cha mamilimita 600. Chizolowezi cholowetsa paipi pa ratchet chimagulula mano a m'kati mwake, ndipo tsiku lomwe adzagululike, chibakera chanu chidzakathera pa chassis.

Nkhani ya manambala ndi yomwe imawononga mabawuti ambiri. Galimoto za ku Japan zimayendera 8, 10, 12, 14, 17 ndi 19. Peugeot imakonda 11, 13 ndi 17. Land Rover yakale ndi ya mainchi, ndipo apa m'pamene anthu amapusitsika. Bawuti ya 1/2 ndi mamilimita 12.7, choncho sipanala ya 13 imalowa ndithu koma ili ndi mpata, mukakoka mwamphamvu imadumpha. Ya 9/16 ndi 14.3: ya 14 siilowa, ya 15 imagwedera. Ya 3/4 yokha ndiyo imagwirizana bwino ndi 19. Pa giyabokosi mumapezekanso mabawuti a Whitworth, muyeso wakale wa ku Britain, omwe sagwirizana ndi seti ya mamilimita ngakhale ya mainchi ija (AF). Amene ali ndi Land Rover agule masipanala ake a 7/16, 1/2, 9/16 ndi 5/8, asamangodalira shifting. Shifting ndi bobojani ndi za mapaipi a madzi, achimwene, pa injini zisafikepo.

Sipanala imodzi yomwe ambiri alibe ndi ya mapaipi a mabuleki, ija yozungulira koma yong'ambika pang'ono kuti paipi ilowe. Nati za pamenepo ndi zofewa, sipanala yakukamwa wamba imangozitafuna. Pa Nissan ndi ya 10, pa Land Rover ndi 7/16.

Kachipangizo kotchipa kuposa zonse, feeler gauge, ka masamba achitsulo opyapyala oyezera mipata, ndiko katipindulira koposa. Injini za mapointi, tizitsulo ta mu distributor totseka ndi kutseguka kuti mapulagi apereke moto, zimadwala kwambiri ndi mpata wolakwika, ndipo fumbi lathu la mu Okutobala limadya kachidendene ka pulasitiki komwe kamayenda pa kam ya distributor. Kakadyeka, mpata umachepa, moto umachedwa, galimoto imavuta kulira m'mawa n'kumafooka pa chitunda. Anthu amathamangira kumasula kabyuleta pamene vuto lili pa kasikulu kamodzi. Kachitidwe kake ndi aka: chotsani chivundikiro cha distributor ndi rotor, tembenuzani injini ndi sipanala pa bawuti ya pulley mpaka kachidendeneko kakhale pamwamba penipeni pa kam, masulani pang'ono kasikulu kogwira mapointi, lowetsani tsamba loyenera. Lizimveka kukoka pang'ono potuluka, osati kukakamira, osatinso kungodutsa. Mukamanga yezaninso, poti pomanga mpata umasuntha. Pa Nissan ya injini ya A12 kapena A14 mpatawo ndi mamilimita 0.45 mpaka 0.55, pa Peugeot 504 ndi 0.40, pa Land Rover ya petulo ya 2.25 ndi 0.35 mpaka 0.40. Tsambalo mulipukute kaye, chifukwa oyilo akatsalira pa mapointi amawapsereza. Pa kam pakani kagirisi kochepa ngati mutu wa machesi.

Matapeti, kutanthauza mpata wa mavalavu, nawonso ndi ntchito ya kachipangizo komweka. Nissan imafuna 0.35 injini ili yotentha. Land Rover imafuna 0.25 pa mavalavu onse, ndipo pali njira yosavuta kukumbukira: nambala ya valavu yotseguka ndi ya yomwe mukukonza zikaphatikizidwa zizikwana 9, valavu ya 8 ikatseguka kotheratu mukonze ya 1, ya 7 ikatseguka mukonze ya 2, choncho mpaka onse. Peugeot 504 ndi yosiyana, imayezedwa itazizira, 0.10 kolowera ndi 0.25 kotulukira utsi. Musamange kwambiri pofuna kuti injini ikhale zii. Valavu yopanda mpata siikhala bwino pampando pake, kutentha sikuchoka, ndipo imapsa. Kuliralira pang'ono kulibe mlandu. Chodandaula pa mafeeler gauge otchipa n'chakuti manambala amangolembedwa ndi utoto, miyezi ingapo afufutika, ndipo nthawi ya mvula masamba amamatana ndi dzimbiri. Sankhani ya manambala ogoba pachitsulo, muziisunga yopaka oyilo.

Mukakhudza mapointi, timing, nthawi yomwe moto umafika pa pulagi, yasuntha. Apa babu ya mavoti 12 yolumikiza ku mawaya awiri, yomwe mungapange nokha, imakwanira kuti galimoto ilire: waya wina ku mbali ya koyilo yopita ku distributor, wina ku chitsulo cha injini, kiyi ali pa on, zizindikiro za pa pulley zitayang'anizana. Tembenuzani distributor mpaka babu ingoyaka kumene, pamenepo mapointi atseguka, mangani. Timing light imachita bwino kuposa apa chifukwa imayeza injini ikulira, koma kumbukirani kuchotsa ndi kutseka kapaipi ka vacuum. Masana kuwala kwake sikuoneka padzuwa, ndiye pakani choko pa chizindikiro, mugwire ntchitoyi pamthunzi. Multimeter wamba ndi yokwanira: batire yodzaza ionetse mavoti 12.6, injini ikulira alternator ipereke 13.8 mpaka 14.4. Land Rover zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 waya wa ku chitsulo ndi wa positive, choncho yang'anani kaye musanalumikize chilichonse.

Compression tester, choyezera mphamvu ya mpweya wopanikizika m'silinda, imakuuzani zoona musanamasule injini kapena musanagule galimoto yomwe mwiniwake akuti "yangokhala, ilibe vuto". Injini ikhale yofunda, mapulagi onse achotsedwe, waya wa koyilo achotsedwe, phazi lipondetse mafuta mpaka pansi. Masilinda anayiwo asasiyane kupitirira 10 peresenti. Imodzi ikatsika, thirani supuni yaing'ono ya oyilo pa bowo la pulagi muyezenso. Nambala ikakwera, ndi maring'i. Ikakhala pomwepo, ndi valavu. Awiri oyandikana akatsikira limodzi, kayikirani gasiketi. Gulani ya mazinga yolowa ngati pulagi. Ija yongokanikiza ndi labala imafuna anthu awiri ndipo imatulutsa mpweya, makamaka pa 504 pomwe mapulagi ali pansi m'timachubu ndipo amafuna soketi yaitali.

Torque wrench, sipanala yomangira bawuti pa mphamvu yoyezedwa, ndi yodula, makamaka chigwereni kwacha mu Novembala 2023, koma amene akufuna kutsegula cylinder head asayambe alibe. Yathu ndi yolira kuti "ke" ikafika, ya 40 mpaka 210 Nm. Mabawuti akuluakulu a pa head ya Land Rover ya petulo amafuna 65 lb ft, omwe ndi pafupifupi 88 Nm, ndipo amamangidwa kuyambira pakati kupita kunja, m'magawo awiri kapena atatu. Kumanga ndi dzanja mongoyerekeza kumasiya mbali ina yolimba ina yofooka, gasiketi n'kupsanso pasanathe mwezi. Ikalira kamodzi lekani, osabwereza. Osaigwiritsa ntchito pomasula bawuti, ndipo mukamaliza ibwezereni pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i isatope. Pa 504 pali msampha wina: masilinda ake ndi ochotseka, okhala m'madzi. Head ikachoka ndiye wina n'kutembenuza injini, amanyamuka, zotsekera zapansi zimasokonekera, madzi amakalowa mu oyilo. Apanikizeni kaye ndi mawashala akuluakulu ndi mabawuti aafupi.

Pa jeke m'pamene takhumudwa. Jeke ya matayala yotchipa, yolembedwa matani awiri, imayamba kudontha oyilo msanga, ndipo mukaisiya itanyamula mumaona galimoto ikutsika yokha pang'onopang'ono. Timatayala take timatitimira mu mchenga, pamene jeke yotere imayenera kuyenda pang'ono pokweza, ndiye m'malo mwake imakoka galimoto. Pabwalo la dothi jeke ya botolo ya matani anayi yoikidwa pa thabwa lochindikala yachita bwino kwambiri. Koma jeke iliyonse ndi yokwezera basi. Musanalowe pansi ikani ma axle stand, zitsulo zochirikizira galimoto, a matani atatu, nawonso pa matabwa, tsekani matayala otsala kutsogolo ndi kumbuyo, kenako gwedezani galimoto ndi manja awiri. Njerwa ayi. Njerwa yowotcha siichenjeza, imangophwanyika kamodzi.

Masikulu ogwira dilamu ya mabuleki pa Land Rover samasuka ndi sikuludilaiva wamba. Impact driver yomenya ndi hamala imawamasula mutaimenya kawiri katatu kokha, chifukwa imakanikiza ndi kutembenuza nthawi imodzi. Bawuti yokakamira muithire mafuta omasulira dzimbiri kapena dizilo madzulo, mudzaiyese m'mawa, ndipo muyambe mwaimanga pang'ono kuti dzimbiri lisweke. Moto umathandiza, koma osati pafupi ndi thanki kapena paipi ya petulo.

Tochi yovala pamutu yotchaja ndi yofunika magetsi akathima ntchito ili pakati. Pansi pa injini yalani thumba la fetereza long'amba pakati, chifukwa kanati ka 8 kakagwera mu mchenga wa pabwalo sikaonekanso, ndipo kakapezeka kamakhala katadzaza dothi m'mazinga. Mabawuti a head ndi ma pushrod abayeni pa katoni motsatana ndi mmene munawachotsera, kutsogolo kwa injini mutalembako.

Pokagula, kaya pa boma pompano kaya ku Malangalanga ku Lilongwe, tengani m'thumba bawuti yatsopano ya 13 kapena 14. Ilowetseni mu soketi kapena sipanala yomwe mukufunayo muigwedeze. Ikamalira kuti gwede gwede, ibwezereni pa shelefu ngakhale yalembedwa "chrome vanadium" ndi zilembo zazikulu.