Kuchokera ku Grand Marais: Cascade River kapena Judge C. R. Magney?

Mlendo amene ali ndi tsiku limodzi ku Grand Marais, tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja ya Superior ku Minnesota m'dziko la America, angasankhe pakati pa mapaki awiri aboma amene ali pamsewu wa Highway 61.

Cascade River ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 15 kumwera chakumadzulo, pamene Magney ili makilomita 23 kumpoto chakum'mawa. Chilolezo cha galimoto cha tsiku limodzi chimagwira ntchito konsekonse, choncho mtengo susiyana.

Kusiyana kwenikweni kuli pa kayendedwe. Ku Cascade mathithi amaoneka mukangoyenda pang'ono kuchokera pamsewu. Ku Magney mumayenda kilomita ndi theka, n'kutsika masitepe pafupifupi 200 amene pobwerera amatopetsa kwambiri, kuti mukafike pa Devil's Kettle, pamene mtsinje wa Brule umagawika pawiri ndipo mbali ina imalowa m'dzenje la m'thanthwe. Mu 2017 akatswiri a boma analengeza kuti madziwo amabwereranso mumtsinje chakumunsi, komabe ine ndimaona kuti malowo ndi ochititsabe chidwi.

Mabanja okhala ndi ana aang'ono kapena okalamba asankhe Cascade, kuti atsale ndi nthawi yokayenda madzulo padoko la Grand Marais ndi ku Artist's Point, malo a matanthwe olowa m'nyanja pafupi ndi dokolo. Amene ali ndi mawondo olimba apite ku Magney m'mawa.