Feishu ndi Lieque: malo awiri obayapo singano pochiza chifuwa ku China

Pa malo 361 amene madokotala a mankhwala achikhalidwe ku China amabayapo singano, awiri amatchulidwa kawirikawiri munthu akamatsokomola, ndipo awa ndi Feishu ndi Lieque.

Feishu, amene amalembedwanso kuti BL13, ali kumsana, pambali pa fupa lachitatu la msana wa pachifuwa, pakati pa mapewa. Dzinali limanena za mapapo, ndipo akatswiriwa amakhulupirira kuti mphamvu ya mapapo, imene amaitcha qi, imasonkhana pamenepa. N'chifukwa chake amasankha malowa pa chifuwa chokhalitsa ndi mphumu, ndiponso m'masiku otentha kwambiri a chilimwe zipatala zambiri za ku China zimamatapo mankhwala azitsamba pofuna kuchepetsa matenda a nyengo yozizira. Vuto lake ndi lakuti pansi pomwepo pali mapapo, moti singano ikalowa mwakuya ikhoza kuboola papo n'kuliphwetsa. Ngozi imeneyi ndi yeniyeni, ndipo sindingalole munthu wosaphunzira bwino kundibaya pamenepo.

Lieque, kapena kuti LU7, ali pamkono, pamwamba pang'ono pa mfundo ya dzanja kumbali ya chala chachikulu, ndipo ndi amodzi mwa malo 11 a njira ya mapapo, njira imene akatswiriwa amakhulupirira kuti qi ya mapapo imadutsamo m'thupi. Amawagwiritsa ntchito chifuwa chikangoyamba pamodzi ndi chimfine, mutu kapena kuuma kwa khosi. Poti ali kutali ndi mapapo, ngozi yake ndi yochepa, ndipo munthu angathe kudzisisita yekha ndi chala.

Komabe malo onsewa sapha tizilombo ta TB kapena chibayo, choncho amene watsokomola kwa milungu iwiri ayambe wakayezetsa makhololo kuchipatala.