Line 6 POD Go ngati modeler yanu yoyamba: kulira kwake kumadalira komwe mwailumikiza

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Kwa woimba gitala yamagetsi amene sanakhalepo ndi modeler, chipangizo chotsanzira kaliridwe ka maampulifaya ndi mapedulo osiyanasiyana, POD Go ndi poyambira pabwino. Alipo amene amaidandaula kuti imalira ngati njuchi m'chitini, koma mukafufuza mupeza kuti ambiri mwa iwo anaibaya pamalo olakwika, kapena sanakhudzepo batani limodzi lofunika lomwe nditchule pansipa.

POD Go inatuluka mu 2020. Line 6 ndi kampani yomwe ija inapanga POD yofiira mu 1998, ndipo yakhala m'manja mwa Yamaha kuyambira mu 2014. Maampulifaya ndi ma effect ambiri omwe ali mkatimu anatengedwa ku Helix, mkulu wake wokwera mtengo, choncho pa kaliridwe simukugula chinthu chotsika. Chimene achepetsa ndi mphamvu ya purosesa ndi ufulu woyala zinthu mmene mukufunira. Ili ndi sikirini yamitundu ya mainchi 4.3, mabatani oponda asanu ndi atatu, pedulo ya wah ndi volume yomangidwira pomwepo, ndipo kulemera kwake sikufika makilogalamu awiri ndi theka. Imalowa m'chikwama cha laputopu.

Mawu a gitala amadutsa m'timabokosi khumi toyalidwa pamzere umodzi. Zisanu ndi chimodzi mwa izo n'zokhazikika: wah, volume, FX loop (polumikizira mapedulo akunja), ampulifaya, cab (yotsanzira sipika) ndi EQ. Mungazisunthe kapena kuzithimitsa, koma simungazichotse kuti muikepo china. Malo anu enieni ndi anayi basi. Kwa woyamba kumene, malire amenewa ndi othandiza chifukwa simusochera, ndipo preset (kaliridwe kokonzedwa n'kusungidwa) yomveka bwino imatheka m'mphindi zochepa. Kuipa kwake mumakuona pakapita miyezi. Tengani kaliridwe koyera ka gitala yotsogolera ya rumba kapena sungura: Deluxe Comp kutsogolo, ampulifaya ya Jazz Rivet 120 yomwe imatsanzira Roland JC-120, kenako 70s Chorus, Simple Delay ndi reverb pang'ono. Malo anayi aja atha, ndipo overdrive ilibe pokhala. Komanso mukasankha reverb kapena pitch yodya mphamvu zambiri, ma effect ena pamndandanda amazilala, osalola kusankhidwa. Apatu chipangizo sichinawonongeke ayi, purosesa yadzadza.

Tsopano nkhani ya polumikiza, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse. Sipika ya ampulifaya ya gitala, ija ya mainchi 12, simatulutsa mawu onse. Kupitirira cha m'ma 5 kHz imayamba kuwameza, ndipo kumeza kumeneko ndi komwe kumachititsa distortion kumveka yosalala. Kabokosi ka cab mu POD Go kamatsanzira sipika yotereyi pamodzi ndi maikolofoni yoikidwa patsogolo pake. Ndiye pali njira ziwiri zolakwira. Mukathimitsa cab n'kupita ku mikisa, masipika a PA, aja okuzira mawu pagulu, amatulutsa zonse zija zimayenera kumezedwa, ndipo ndi pamene njuchi zimayambira. Mukasiya cab yoyaka n'kubaya kutsogolo kwa ampulifaya ya gitala, mawu amasefedwa kawiri, amatuluka ofota, opanda mano.

Popita ku mikisa ya kutchalitchi kapena ya bandi, gwiritsani Main Out, ampulifaya ndi cab zonse zili zoyaka. Mabowo ake ndi a jeki ya kota inchi ya TRS, XLR palibe. Ngati mikisa ili patali, dutsirani pa DI box, kabokosi kosinthira jeki kukhala XLR ya maikolofoni, ndipo mu Global Settings muike Main Out Level pa Instrument. Ngati mukulowa pa line input ya mikisa mwachindunji, ikani pa Line, apo ayi wa pamikisa adzakweza gain mpaka phokoso la siii lidzamveke. DI box ili ndi ubwino winanso: imatchinga mphamvu ya phantom ya 48V yomwe pamikisa yambiri yaing'ono imayatsidwa pamatchanelo onse nthawi imodzi chifukwa cha maikolofoni a kwaya. Bowo la L/Mono lokha ndi lokwanira. Stereo imakoma m'mahedifoni, koma m'holo anthu okhala mbali imodzi amangomva theka.

Ngati muli ndi ampulifaya yokhala ndi bowo la Return kumbuyo, tulukirani pa Amp Out kulowa pamenepo, ndipo Amp Out Source muike pa Pre Cab/IR. Mukatero ampulifaya ya pasiteji imalandira mawu osadutsa mu cab pomwe mikisa ikulandira athunthu kudzera pa Main Out, zomwe n'zabwino kwambiri pamtengo uwu. Msampha wake ndi wakuti chilichonse chomwe chimabwera pambuyo pa cab pamzere uja, monga delay ndi reverb, sichifika ku ampulifaya. Sunthani cab ikhale kumapeto. Dziwani kuti cab ndi ya mono, choncho stereo yonse ithera pomwepo. Ampulifaya yopanda Return, yomwe muyenera kubaya kutsogolo, thimitsani timabokosi ta ampulifaya ndi cab mu POD Go n'kuigwiritsa ntchito ngati mapedulo chabe.

Batani lija ndi High Cut, lodula mawu apamwamba, lomwe lili mkati mwa kabokosi ka cab, pamodzi ndi mnzake Low Cut, wodula apansi. Yambani ndi Low Cut pa 90 kapena 100 Hz kuti musalimbirane malo ndi besi ndi ng'oma yaikulu, ndipo High Cut pakati pa 6 ndi 8 kHz. Pa distortion yambiri mutha kutsikira mpaka 5.5 kHz. Pa mawu oyera musatsitse kwambiri, chifukwa gitala yotsogolera idzamira m'kiyibodi.

Preset yokonzedwa usiku m'mahedifoni motsitsa imanamiza. Khutu la munthu silimva bwino mawu apansi ndi apamwamba phokoso likakhala lochepa, ndiye mumawonjezera Bass ndi Treble osadziwa. Mukafika pa PA yokwezedwa, zonsezo zimabwera mopitirira. Konzani ma preset pamlingo womwe mudzaimbire, ndipo ndi bwino kutero bandi yonse ikuimba. Pofananitsa kukwera kwa ma preset gwiritsani Ch Vol, yomwe imangokweza osasintha kaliridwe. Drive ndi Master zimasintha mtundu wa mawu. Ma preset 128 obwera nawo kuchokera kufakitale anapangidwa kuti aonetse zomwe chipangizo chingathe, ndipo ambiri ali ndi reverb yochuluka mwakuti pagulu simungawagwiritse ntchito osawadula. Malo ena 128 ndi anu, ndipo kunena zoona anayi kapena asanu okonzedwa bwino amakwanira.

Mukasintha preset pakati pa nyimbo pamakhala kakusiyana kakang'ono, mawu amaduka kaye. Mankhwala ake ndi ma snapshot, omwe alipo anayi pa preset iliyonse. Snapshot imakumbukira zomwe zayaka, zomwe zathima ndi milingo yake, ndipo imasintha mosaduka, mchira wa delay ukupitirirabe. Ndi njira yomweyi yozembera malire a malo anayi aja: m'malo moika overdrive, lolani snapshot yachitatu ikweze Drive ya ampulifaya kuchoka pa 3 kufika pa 6, kapena kabokosi ka EQ kawonjezere ma dB atatu pa solo. Izi zimagwira bwino pa US Deluxe Nrm ndi Essex A30, zotsanzira Fender Deluxe Reverb ndi Vox AC30, chifukwa zimayamba kukalipa pang'onopang'ono. Delay muziimangirira ku batani la Tap. Pa liwiro la 120 BPM, dotted eighth ndi 375 ms, ndipo Mix ya pakati pa 20 ndi 25 peresenti ndi yokwanira kuti manotsi asadyane.

Magetsi: adaputa yake ndi ya 9V yopereka mphamvu zambiri. Maadaputa a mapedulo wamba amakhalanso a 9V koma amapereka 500 mA kapena kucheperapo, ndipo sangayendetse chipangizochi. Mabatire salowa, choncho komwe magetsi amathimathima kapena komwe mumadalira jenereta, ikani chotetezera magetsi pakati, ndipo muzisunga preset iliyonse mukangoisintha. Kung'ung'udza kwa 50 Hz kukayamba mutalumikiza USB ku laputopu yomwe ili pachaja, chotsani chajacho mumve. Kukasiya, vuto ndi ground loop, phokoso lobwera zipangizo zikalumikizana ku ground kudzera njira ziwiri, ndipo batani la ground lift pa DI box nthawi zambiri limathetsa. Kukapitirira ndipo kukusintha mukatembenuka ndi gitala, ndi ma pickup a single coil. Yatsani Gate, yotseka phokoso mukasiya kuimba, yomwe ili pa Input, yosadya malo aliwonse mwa anayi aja, n'kukweza Threshold pang'onopang'ono mpaka phokoso lithe. Mukapitiriza, imadula michira ya manotsi.

USB yomweyo imajambula molunjika pakompyuta, ndipo imatumizanso mawu a gitala osakonzedwa patchanelo china kuti mudzasinthe ampulifaya mutajambula kale. Pulogalamu ya POD Go Edit ndi yaulere. Ma IR, mafailo a kaliridwe ka masipika enieni omwe amalowa m'malo mwa cab, alinso ndi malo 128, koma musathamangire kugula musanaphunzire ma cab omwe alimo.

Nyenyezi yachisanu yachoka chifukwa cha malo anayi aja, kusowa kwa XLR, ndi MIDI yomwe imangodutsa pa USB. Amene ndalama zamuchepera ndipo akufuna choyendera mabatire aone Boss GT-1 kapena Zoom G1X Four, zonse zimayenda ndi mabatire anayi a AA, ngakhale sikirini zake n'zazing'ono ndipo kukonza preset kumatopetsa. HX Stomp, ya Line 6 yomweyo, ili ndi malo asanu ndi atatu omasuka ndipo imalola maampulifaya awiri nthawi imodzi, koma mabatani oponda ndi atatu okha, pedulo mugula padera. Amene akufuna kukopera kaliridwe ka ampulifaya yake yeniyeni, monga zimachitikira pa Kemper kapena ToneX, POD Go sichita zimenezo.

Mukamagula yogwiritsidwapo kale, pondani batani lililonse kangapo muone ngati kuwala kwake kukusintha nthawi zonse. Kankhani pedulo mpaka kumapeto kuti muone ngati ikusintha kuchoka pa volume kupita pa wah, gwedezani jeki pa Guitar In mukumvetsera m'mahedifoni, ndipo muonetsetse kuti adaputa ndi yake yeniyeni.