Timakina tiwiri toyezera pH ya dothi, kena kabodza kena kabwinoko

Anzanga amene mukupanga masters ya za nthaka ndi mbewu, kaya mukungoganizira kumene zoyamba, ndati ndikuuzeniko za timakina tiwiri timene ndinagula chaka chatha mwina wina apulumutseko ndalama zake. Ine kafukufuku wanga ndi wa laimu (ufa wa miyala umene amathira m'munda kuti uchepetse asidi) ndi nyemba m'minda ya alimi cha ku Bembeke ku Dedza, dera lodziwika kalekale kuti dothi lake lili ndi asidi wambiri. Pulopozo itadutsa ndinakhala pansi kuwerengera masampulo amene ndikuyenera kupita nawo ku labu, ndinangogwira pakamwa, minda 24 ndipo munda uliwonse ndiyeze tisanathire laimu, ndiyezenso pakati pa nyengo, ndiyezenso tikakolola. Ndalama ya kafukufuku inali yongokwanira thiransipoti ndi anyamata othandiza kukumba, ndiye ndinati bwanji ndigule kanga kamakina ndizingoyeza ndekha kumunda komweko.

Koyamba ndi kaja kobiriwira ka miyendo iwiri yachitsulo, amakalemba kuti 3 in 1, kamati kamayeza chinyezi, kuwala ndi pH (muyeso wa asidi, 7 ndi pakatikati, nambala ikamatsika ndiye asidi akuchuluka). Ndinakapeza mu shopu ina ya zipangizo zaulimi mu tawuni, dzina ndisatchule poti mashopu ambiri akugulitsa komweko. Wogulitsayo anakayamikira heee, eti sikafuna batire, ungozika pansi basi singano ikuuza zonse. Zoti sikafuna batire ndi zoona, kamagwira ntchito ndi timagetsi tochepa timene timapangika zitsulo zosiyana za kumiyendoko zikakhudza dothi lonyowa. Koma zimene singanoyo imanena ndiye nkhani ina. Munda woyamba 7. Wachiwiri 7. Ndinatsikira kudambo, 7. Pachulu 7 yemweyo, mwina kusuntha pang'ono kufika 6.5 ndikathira madzi ambiri. Ku Bembeke?? Bambo wina amene ndinkayeza m'munda mwawo anaima pambali atagwira khasu nkufunsa kuti “Nanga achimwene, kachitsulo kanuko kakuti bwanji?” ine nkuti kakuti dothi lanu lili bwinobwino bambo, iwo kuseka, amvekere “Ndiye kafunseni kuti nyemba zanga zikufiiriranji.” Manyazi ake.

Nditabwerera kunyumba ndinakayesa dala. Ndinatenga dothi mu makapu awiri, ina ndinafinyiramo mandimu atatu, inayo ndinathiramo chidulo chimene mayi anga amaphikira therere. Aliyense amene anakhalapo mu kalasi ya chemistry akudziwa kuti ziwirizi ndi kum'mawa ndi kumadzulo, mandimu ndi asidi weniweni pomwe chidulo cha phulusa chili mbali inayo pamwamba pa 7. Singano inangogwedezeka pang'ono ngati munthu waulesi akumudzutsa mamawa. Ndipo choipa kwambiri kalibe pokakonzera, palibe kabatani koti ukauze kuti iyi ndi 4 iyi ndi 7, ndiye kakasokera kasokera basi. Mbali ya chinyezi ija imagwirako, dothi louma ndi lonyowa kamasiyanitsa, koma chala changa chimasiyanitsanso kwaulere. Pano mlongo wanga akukazika m'maluwa ake pakhonde.

Mwina wina anena kuti kusiyana kwa 7 ndi 5 ndi kochepa, manambala awiri okha. Ayi ndithu. Pa sikelo ya pH kutsika ndi 1 ndiye kuti asidi wachuluka ka 10, ndiye dothi la 5 lili ndi asidi wochuluka ka 100 kuposa la 7. Ndipo pH ikatsika kupitirira 5.5 aluminiyamu amene ali m'dothimo amayamba kusungunuka nkumawotcha nsonga za mizu, mizu imakhala yaifupi yonenepa yosatha kusaka madzi, fosifolasi wa mu feteleza amamangidwa ndi aluminiyamu ndi ayironi mbewu osamupeza, tizilombo tija timapanga timatuza topatsa mbewu nayitrojeni pa mizu ya nyemba ndi soya natonso timafooka. Mlimi amangoti nthaka yaguga, nkuwonjezera yuleya, pomwe yuleyayo akamasintha m'dothi amasiyanso asidi wina chaka ndi chaka. Ndiye kamakina kakakuuza 7 pamalo pamene pali 4.8 kakuuza kuti laimu safunika, mlimi apitirize kuthira thumba lodula lija pa dothi limene silingamubwezere. Tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo ndi amene amasangalala ndi dothi lotere, chimanga ndi nyemba ayi.

Kachiwiri ndi kaja kachikasu kooneka ngati cholembera chonenepa, kali ndi kagalasi kumapeto ndi sikirini ya manambala, kamagwiritsa timabatire tatiwisi ngati ta wotchi. Mnzanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg koma ndaonanso anthu akutigulitsa pa Facebook konkuno. Aka ndiye kamagwira ntchito, koma kali ndi mwambo wake ndipo ukaphwanya mwambowo kakunamizanso bwinobwino. Mu bokosi mumakhala timapaketi ta ufa, 4.01, 6.86 ndi 9.18, paketi iliyonse umasungunula mu madzi a distilled (madzi otchezedwa, opanda mchere uliwonse) okwana 250 ml, nkumaviika kamakinako kuti kadziwe poyambira. Madzi a pa mjigo kapena a pampopi musayerekeze. Komanso sikozika pansi ayi, kagalasiko kangasweke tsiku lomwelo. Umatenga dothi la masentimita 0 mpaka 20 malo angapo m'munda moyenda mokhotakhota, kusakaniza mu ndowa yoyera, kuyanika pamthunzi, kusefa ndi sefa ya 2 mm, kenako magalamu 10 a dothi mu madzi 25 ml, kuvundula, kudikira mphindi 30 kenako nkuviika. Ntchito ndithu, si zija za ungozika basi.

Masampulo 12 oyamba ndinawagawa pawiri, theka ndinayeza ndekha theka ku labu, ndipo kusiyana kwake sikunapitirire 0.3, munda wa bambo aja unatuluka 4.8 ku labu ine ndinapeza 5.0. Apo ndinakakhulupirira. Chimene chinandipweteka ndi kusadziwa kasungidwe, ndinakasiya mu chikwama milungu itatu kagalasi nkuuma gwaa, nditakatulutsa manambala ankangothamanga osaima. Kagalasiko kamafuna kakhale konyowa nthawi zonse, mu kachivindikiro muzikhala timadzi ta KCl (mchere wa potaziyamu) kapena ta 4.01 tija, osati distilled, zimenezi pa kapepala ka mu bokosi sanafotokoze bwino ndinachita kuuzidwa ndi tekinishani wa ku labu. Kanatsitsimuka nditakaviika usiku wonse koma kuyambira pamenepo kamachedwa kukhazikika. Timapaketi tija natonso tikatha kupeza tina kuno ndi ntchito, gulirani limodzi tambiri.

Tsono nkhani ya thesis. Nditawaonetsa a supavaiza manambala anga monyadira anangoyang'ana pamwamba pa magalasi nkuti “Zabwino, koma ma examiner mukawauza kuti munayeza ndi chani?” Ndipo ankanena zoona. Mu chaputala cha njira zofufuzira umayenera kulemba njira yodziwika, ndipo pH payokha sikuuza laimu wokwanira pa hekitala, dothi la katondo limafuna laimu wambiri kuposa la mchenga ngakhale pH yake ikhale yofanana chifukwa limasunga asidi wina wobisika. Umafunikanso fosifolasi ndi potaziyamu wa Mehlich 3, organic carbon wa Walkley-Black, nayitrojeni wa Kjeldahl (awa ndi maina a njira zoyezera za ku labu), zonsezi kacholembera sikangakupatse. Samalaninso kuti labu yayeza pH mu madzi kapena mu calcium chloride, ya calcium chloride imatuluka yotsikirapo pafupifupi theka la nambala, ine ndinatsala pang'ono kusakaniza ziwirizi mu tebulo imodzi. Malabu alipo, ku Chitedze, ku Bvumbwe, ku ARET (bungwe lofufuza za ulimi wa fodya), ku Bunda, ndiye polemba bajeti ya pulopozo ndalama ya labu iyambe ndiyo, zina zibwere pambuyo.

Kachikasuko kanandithandiza posankha minda, pa minda 40 imene ndinazungulira ndinatha kudziwa sabata yomweyo kuti iyi ili pansi pa 5.5 ilowe mu kafukufuku, iyi ayi, mmalo molipira labu pa minda imene sindidzaigwiritsa ntchito. Pa nyenyezi 5 ndikapatsa 4, imodzi ndachotsa chifukwa cha kapepala kosalongosoka kaja. Alangizi ndi a makalabu a alimi kangakuthandizeni ndithu bola pakhale munthu mmodzi wokasamala. Kobiriwira kaja ndikapatsa 1, ndipo imodziyo ndi ya maluwa a mlongo wanga. Bambo aja tinathira laimu mbali imodzi ya munda wawo mwezi wa Okutobala mvula isanagwe, ndipo mpaka lero ndikafika amayamba ndi kufunsa ngati ndabwera nako kachitsulo kabodza kaja.